Amayi mu Mpanda wa Nsungwi

Jovelyn anabwera ndi chithunzicho Lamlungu lina la mvumbi, atachikulunga m'pulasitiki ngati nsomba yogula m'masitolo a mumsewu wa Fraser. Ine ndinali kukhitchini ndikuphika nkhuku ya msuzi ndi nyama yofutsa pa utsi. Amayi anali pampando wawo wa pawindo, akuyang'ana madzi akutsetsereka pagalasi.

"Manang Edith, tazimitsani moto mudzaone," anatero asanavule ndi jekete lomwe. "Ndawapeza."

"Wapeza ndani? Mwamuna?"

"Inu ndiye za amuna basi. Ndapeza agogo Langsa."

Jovelyn ndi mng'ono wanga, n'chifukwa chake amanditchula Manang, mmene kwathu timaitanira mkulu wathu wamkazi. Ine ndinabadwira kwathu ku Bontoc, kumapiri a kumpoto kwa Manila, ndipo ndinabwera kuno ku Vancouver ndili kamtsikana, amayi atalera ana a azungu zaka zambiri mpaka kutipezera mapepala. Iye anabadwira konkuno. Chinenero chakwathu amachimva, koma akati achiyankhule amayi ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Anaphunzira zaluso ku yunivesite, ndipo panthawiyo dzina lake linali litayamba kutuluka m'manyuzipepala. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosungira okalamba, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Bambo athu atamwalira, amayi ankakhala ndi ine.

Nkhani ya agogo Langsa tonse tinakula tikuidziwa. Anali agogo awo a amayi. M'chaka cha 1904 azungu a ku Amereka anatenga anthu akwathu pa sitima kupita nawo ku St. Louis, kuchionetsero chachikulu, n'kuwaika mumpanda kuti anthu azilipira kudzawaonera. Ankawaphetsa agalu kuti oonerera aziti taonani zilombo. Agogo Langsa anapita nawo ali mtsikana wosakwatiwa, ndipo anabwerako. Koma nkhope yawo ya nthawi imeneyo palibe mwa ife anaionapo.

Jovelyn anayala chithunzicho patebulo. Panali mtsikana atakhala pansi, miyendo atatambasula, chowombera nsalu atachimanga m'chiuno. Kumbuyo kwake kunali mpanda wa nsungwi, ndipo pamwamba pa mpandawo panandanda nkhope za azungu a zipewa, ena akuseka, ena atangotsegula kukamwa.

Amayi anavala magalasi n'kuwerama nthawi yaitali.

"Ndi iwowo," anatero. "Taona mmene agwirira ulusi, chala chachikulu pansi. Ndi mmene anandiphunzitsira ine."

Amayi nthawi imeneyo anali atayamba kuiwala. Ketulo tinkaipeza m'firiji, makiyi m'thumba la mpunga. Koma masiku ambiri anali bwinobwino. Ankawerenga nyuzipepala, n'kumakalipira anthu a pa wailesi m'Chingelezi chosalala kuposa changa.

Titayamba kudya, Jovelyn anatulutsa chimene anadzera. Mayi Halvorsen, amene amayang'anira nyumba ina yoonetsera zaluso m'tauni, anali atamupatsa chipinda chachikulu chonse.

"Ndimanga mpanda womwewu pakati pa chipindacho," anatero, maso akuwala. "Chithunzichi ndichikulitsa chidzaze khoma. Ndiye m'kati mwa mpandamo mukhale munthu wamoyo akuwomba nsalu. Mzungu aliyense wolowa adzangozindikira kuti waima pamene anaima agogo ake. Ndikufuna adzachite manyazi, Manang, mpaka asowe poika maso."

"Munthu wamoyoyo ndani?"

Anangoyang'ana kumene kunali amayi.

"Wapenga iwe," ndinatero. "Sukulu yakuzunguza mutu. Amayi ako enieni ukawaike m'khola?"

"Si khola. Ndi funso."

"Funso lako ukafunse ndi chidole."

"Bwanji mukukamba za ine ngati ndafa kale?" amayi anadula. Anaika supuni pansi. "Ndipita. Zaka zonsezi ndawomba nsalu m'chipinda chino, ndani anabwera kudzaona? Nsalu zanga zangodzaza makatoni pansi pa bedi. Zikuzidziwa ndi njenjete zokha."

Ndinakana masiku angapo, kenako ndinagonja. Masana amayi ankatsala okha m'nyumba, ndipo tsiku lina ndinapeza poto atapserera pa moto iwo ali m'tulo. Jovelyn analonjeza kuti aziwatenga dzuwa likakwera, azikhala nawo pafupi, n'kuwabweza ine ndisanaweruke. Ndinaona ngati kuli bwino akhale pamene pali maso a anthu kusiyana ndi kukhala okha.

Tsiku lotsegulira kunali mvula yomweyo. Chipindacho chinali choyera mbee, chozizira, denga lili kutali. Pakati pake panaima mpandawo, wofika m'chifuwa mwa munthu, womangidwa bwino kwambiri ndi zingwe za mlaza. Amayi anakhala m'katimo pamphasa, atavala tapis yawo yofiira, nsalu yakwathu yomanga m'chiuno, juzi la bulauni pamwamba, magalasi pamphuno. Kumbuyo kwawo agogo Langsa anadzaza khoma lonse, mutu wokha kukula kuposa chitseko.

Azunguwo analowa akuseka ndi matambula a vinyo m'manja. Atafika pampandapo kuseka kunatha. Ndinaona bambo wina wa imvi akufiira makutu, n'kubwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Mayi wina anaika tambula pansi n'kutuluka. M'chipinda monse munkangomveka thabwa lowombera la amayi likugunda ulusi, gu, gu, gu. Jovelyn anandifinya dzanja.

"Mukuona, Manang? Mukuona?"

Ndinaona. Kunena zoona, tsiku limenelo ndinamunyadira.

Anzathu a kutchalitchi anabweranso, atavala zovala zawo za Lamlungu. Anti Petronila, mnzawo wa amayi wakalekale, anazungulira mpandawo kamodzi n'kumukokera Jovelyn pambali.

"Mwana iwe, ife tavutika zaka zonsezi kuti dzina loti odya agalu lichoke pa ife. Ngakhale anzathu a ku Manila amatinena nalo. Ndiye iwe wakalipachika pakhoma kuti aliyense aliwerenge?"

"Anti, si ife oyenera kuchita manyazi. Ndi iwowa."

"Iwowa manyazi awo sachedwa kuuma," anatero Anti Petronila. Anawerama pampanda n'kuitana amayi ndi dzina lawo. "Felicidad, ukufuna ndikubweretsere nthochi, kapena wadya kale?"

Amayi anaseka n'kuwaopseza ndi thabwa lowombera. Pobwerera kunyumba anali osangalala ngati mwana. Anandiuza kuti mayi wina anawafunsa tanthauzo la timizere takuda ta m'nsalu, ndipo iwo anamufotokozera zonse, za minda ya mpunga ndi za maso a makolo.

Masabata oyambirira zinayenda choncho. Kenako manyuzipepala analemba, anthu anayamba kuchuluka, mpaka kumaima pamzere panja ndi maambulera. Tsiku lina nditapita pa nthawi yanga yopuma ndinapeza kuti m'chipindamo simunalinso zii. Anthu ankacheza mokweza, atatsamira mpanda, akudzijambula ndi mafoni amayi ali kumbuyo kwawo. Palibe amene anafiira makutu.

Ndipo amayi analibe magalasi.

"Magalasi ali kuti?" ndinamufunsa Jovelyn.

"Ali m'chikwama changa. Amanyezimira pa zithunzi. Mayi Halvorsen akuti amasokoneza, munthu akayang'ana amayi kenako khoma saona kuti ndi magazi amodzi. Ndiponso amayi amawomba ndi manja, osati maso. Afunseni."

Ndinawafunsa. Anati zilibe kanthu.

Sabata yotsatira juzi linachoka, m'malo mwake Jovelyn anaika kachipangizo kotenthetsa kobisika kuseri kwa dengu. Kenako masokosi. Ndinapeza amayi mapazi ali pamtunda, zala zopindika zija za nyamakazi zili poyera, ndipo mtsikana wina wachizungu atagwada akuzijambula. Pachipata cha mpanda panali chingwe chomangidwa kunja.

"Chingwechi n'chachiyani?"

"Chili pachithunzipo, Manang, tayang'anani. Ndimangomanga mwachionetsero. Akafuna kutuluka amandiitana."

"Ukakhala kulibe?"

"Ndimakhalapo nthawi zonse."

Anthu anayamba kulowetsa zinthu m'mipata ya nsungwi, masiwiti, malalanje, mwana wina bisiketi yoluma kale. Amayi ankalandira ndi manja awiri n'kuweramitsa mutu. Ndinamva bambo wina akufunsa mlonda ngati agogowa amadyadi agalu, ndipo ankafunsa ndi mtima wonse, ngati wofunsa njira. Jovelyn atamva anapachika kapepala pampanda koti musawapatse chakudya. Nditakaona kapepalako ndinamuitana.

"Chotsa chimenechi."

"Ayi. Chimenechi ndiye chikuonetsa zonse. Akudziulula okha, Manang. Ndinkaganiza kuti achita manyazi, koma izi n'zoona kwambiri kuposa manyaziwo. Sanasinthe. Tsopano aliyense akuona kuti sanasinthe."

"Aliyense wake uti? Iwowo akungodya masiwiti."

Kunyumba nako zinthu zinayamba kusintha. Choyamba amayi anasiya Chingelezi. Mayi wa khomo loyandikana nafe, amene ankacheza naye za maluwa tsiku ndi tsiku, atawapatsa moni pamasitepe, amayi anangoweramitsa mutu n'kutambasula manja awiri ngati akulandira kanthu. Mayiyo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

Kenako anasiya bedi. M'mawa ndinkawapeza atagona pansi, pakona, atadzikulunga ndi tapis. Patebulo sankadya. Ankadikira ndichoke, n'kutapa mpunga kuubisa m'mphepete mwa nsalu. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi anandigwira mkono n'kundinong'oneza m'chinenero chakwathu.

"Iwe, wamvako kuti sitima ibwera liti?"

"Sitima yanji, Mama?"

"Yotibweza. Wa chipewa uja anati tikamaliza nsalu tipita. Koma ndikamaliza imodzi akubweretsa ulusi wina."

"Mama, ndine Editha. Tili kunyumba. Kuno ndi ku Vancouver."

Anandiyang'anitsitsa, kenako anaseka pang'ono. "Ndikudziwa, chitsiru iwe. Pesa msanga, ndichedwa."

Zinkabwera choncho n'kupita, ngati mtambo wodutsa. Koma tsiku lililonse mtambowo unkakhalitsa. Ndikawauza kuti lero mupume, musapite, ankakaima pachitseko, akuti akapanda kuoneka anzawo onse alangidwa.

Ndinamuitana Jovelyn Loweruka masana, amayi atagona. Anabwera ndi makeke a chinangwa ochokera ku Fraser, nkhope ili ngwee, ndipo sanandipatse mpata woyamba.

"Manang, khalani pansi. Atiitana ku St. Louis. Komwe kuja! Tangoganizani, mdzukulu wa Langsa kubwerera pamalo pomwepo. Ndiponso mkulu wina wa ku Toronto wagula ntchito yonse, mpanda, chithunzi, chowombera, zonse."

"Chowombera cha amayi?"

"Chili mbali ya ntchitoyo. Ndiwagulira china."

"Chimenecho anachokera nacho kwathu atachikulunga m'bulangeti. Nanga amayiwo wawagulitsa pamodzi, kapena iwo ndi basela?"

"Musayankhule choncho."

"Akugona pansi, Jovy. Akubisa mpunga. Akufunsa za sitima."

Ndinaona kuti sizinali zachilendo kwa iye.

"Amandiuzanso ine," anatero motsitsa mawu. "Masana ena amayankhula ngati agogo Langsa enieni. Amatchula mayina a anthu amene anapita nawo, amene anafera komweko. Zinthu zimene sizinalembedwe paliponse, Manang. Zinali m'mutu mwawo zaka zonsezi, tsopano zikutuluka. Tikasiya pano zipita nawo kumanda."

"Ukumva zimene ukunenazo? Munthu akudwala, iwe ukutola zogwa."

"Inu simunamvepo chimene ndimachita. Kuyambira kale. Kwa inu ntchito ndi kupukuta matako a azungu okalamba basi."

"Matako amenewo ndi amene anakulipirira utoto."

Tinakalipirana mpaka amayi anadzuka. Atatulukira pakhomo la chipinda n'kuona Jovelyn, anagwada pansi msangamsanga. Jovelyn anatembenukira kukhoma. Pochoka anati sabata imene ikubwerayi ikhala yomaliza, chifukwa kukubwera anthu a nyuzipepala ochokera kutali ndipo anawalonjeza kale. Za ku St. Louis tikambirana. Ine ndinati Lachisanu likadutsa amayi sapondakonso, kaya kubwere ndani.

Lachinayi kuntchito anandimasula msanga. Ndinakwera basi kupita m'tauni, mvula ikuwaza. Mzere panja unafika pakona, koma wa pachitseko ankandidziwa, anandilowetsa.

Nditafika pakhomo la chipinda chija ndinadabwa kuti muli zii ngati tsiku loyamba. Anthu anadzaza, atapanikizana kuzungulira mpanda, mafoni ali m'mwamba. Thabwa la amayi silinkamveka. Ndinadzipanikiza pakati pawo mpaka kutsogolo.

Amayi anali atamasula chowombera m'chiuno. Ankakwawa m'mbali mwa mpanda, akupapasa nsungwi imodzi ndi imodzi, kufuna chipata. Popanda magalasi sankachiona. Tapis inali yonyowa kumbuyo konse, ndipo pamphasa panali chithaphwi chimene chinayenderera mpaka pasimenti. Ankayankhula motsitsa, mobwerezabwereza, m'chinenero chakwathu: chonde, ndingopita kuseri, ndibweranso, chonde. Ankayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi pamwamba pa mpandawo. Nkhopezo zinkawayang'ananso, zachifundo, zachidwi, ndipo mayi wina pafupi nane ankapukuta misozi uku akujambula.

"N'zamphamvu kwambiri," anandinong'oneza.

Mlonda anaima pakona, manja kumbuyo, thukuta lili pamphumi.

"Akhala choncho nthawi yaitali bwanji?" ndinamufunsa.

"Kanthawi ndithu, mayi. Ndaitana eni ake kumwamba kuofesi, sakuyankha. Ali ndi atolankhani."

"Ndiye osatsegula bwanji?"

"Anatiuza kuti tisakhudze mpanda, wagulidwa kale. Komanso sindinadziwe ngati... ngati si mmene ziyenera kukhalira."

Ndinathamangira pachipata. Mfundo ya chingwe inali yolimba, zala zanga zinkangoterereka. Ndinagwira nsungwi ziwiri n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Munthu amene wanyamula okalamba zaka zambiri amakhala ndi msana. Nsungwi inalira n'kung'ambika, n'kundicheka chikhatho. Ndinakokanso, ndinaponda ndi phazi, mpaka chigawo chonse chinagwera pansi.

Amayi anakuwa. Anathawira kumbali ina ya mpanda n'kudzipinda.

"Usathyole! Mkazi iwe, usathyole! Atimana chakudya tonse chifukwa cha iwe!"

"Mama, ndine. Tiyeni kunyumba."

"Choka! Sindikudziwa. Abwana, si ine, ndi uyu! Ine sindinakhudze!"

Ndinayesa kuwagwira, anandimenya kumaso ndi thabwa lowombera. Ndinagwada pachinyontho chija, magazi akudontha m'dzanja, mafoni atatizinga mbali zonse. Ndinasowa chochita. Kenako ndinachita zimene timachita kuntchito munthu akasochera m'mutu mwake: sitimukoka, timamulondola komwe ali. Ndinatsitsa mawu.

"Langsa, sitima yafika. Atilola. Anzathu akwera kale, tatsala ife."

Anatsitsa thabwa lija. "Nsaluyi sindinamalize."

"Akuti isiye. Tiye msanga."

Anandipatsa dzanja. Ndinavula jekete n'kuwafunditsa m'chiuno, n'kuwadzutsa. Tinadutsa pampata ndinathyolawo pang'onopang'ono, anthu akupatuka. Tisanafike pachitseko wina anayamba kuwomba m'manja. Ena anatsatira, mpaka chipinda chonse. Amayi anaima, n'kutembenuka, n'kuwaweramira.

Pamasitepe tinakumana ndi Jovelyn akutsika chothamanga, kamaikolofoni kali pakolala, Mayi Halvorsen ali pambuyo pake. Anaona jekete, anaona mapazi onyowa a amayi, anaona dzanja langa. Anatsegula pakamwa.

"Ndipatse magalasi," ndinatero.

Anapapasa m'chikwama n'kundipatsa. Mayi Halvorsen anayamba kunena kuti apepesa kwambiri, aitana galimoto, ndipo mwina tikhale kaye pansi tikambirane zimene zachitikazi chifukwa n'zofunika. Tinatuluka mumvula, amayi opanda nsapato, n'kuimitsa takisi.

Kuyambira tsiku limenelo nzeru za amayi sizinabwererenso. Dokotala anati nthendayi imatero, nthawi zina imayenda pang'onopang'ono kenako n'kugwa kamodzi ngati khoma lonyowa, ndipo palibe angalumbire kuti chinagwetsa ndi chiyani. Jovelyn anagwira mawu amenewo ndi manja awiri. Ine sindinawagwire.

Chionetserocho anachitseka, koma makanema a m'mafoni aja anali atafalikira kale. Ndinadziona ndekha ndikuthyola mpanda pafoni ya mnzanga wa kuntchito, kenako pafoni ya munthu wosamudziwa m'basi, amene anandiyang'ana, n'kuyang'ana foni, n'kundimwetulira. Anthu ophunzira analemba zambiri. Ena anati mwana wamkazi wothyola mpanda ndiye anali chimake cha ntchito yonse, ndipo anayamikira Jovelyn kuti anaziganiza mozama. Anti Petronila anasiya kumuyankha moni Jovelyn kutchalitchi, kenako Jovelyn anasiya kubwera.

Mayi Halvorsen anandiimbira foni. Anati mkulu wa ku Toronto uja sakudandaula za mpanda, akuufuna momwemo wothyokawo, pamodzi ndi mphasa osaichapa. Anapempha ngati ndingalole kuti kanema wa tsiku lija azionetsedwa pakhoma pambali pa chithunzi cha agogo Langsa. Ndinakana. Anati akumvetsa kwambiri. Patapita miyezi ndinamva kuti ku St. Louis zinapita ndithu, mpanda wothyoka, mphasa, chowombera cha amayi ndi nsalu yosamaliza ija, ndipo kanemayo anamutenga kwa munthu wina amene anajambula ndi foni yake.

Jovelyn anabwera kudzandiuza yekha, ataima pakhomo chifukwa sindinamulowetse.

"Sindikanatha kuletsa, Manang. Si zanganso."

"Ukupitako?"

"Ndikapanda kupita ayankhula okha. Bola ndikakhalepo ndikanene zoona."

"Ukanene kuti unali kumwamba."

Analira. Anali ataonda, tsitsi losapesa, ndipo ndinakumbuka mmene ndinkamuperekezera kusukulu atagwira lamba wa chikwama changa. Koma anapita.

Chisanu chitayamba sindinathenso kuwasunga amayi m'nyumba. Ankatuluka kukafuna doko. Ndinawapezera malo kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito, m'chipinda choyang'ana kumunda wa maluwa. Ine amandidziwa, koma osati ngati mwana wawo. Amandiyesa mnzawo wa mumpanda, amene anawathawitsa. Amandisungira theka la buledi pansi pa pilo, n'kumandifunsa ngati ndamvako za anzathu. Ndimawayankha kuti onse ali bwino.

Jovelyn amabwera Lachinayi masana. Ndinamuuza kuti chikwama ndi foni azisiya kwa a pakhomo, ndipo amasiya osatsutsa. Akalowa m'chipindamo amayi amadzuka pabedi, ngakhale mawondo akuwawa, n'kuima manja ali kutsogolo, maso pansi.

"Mama, ndine Jovy. Khalani pansi."

"Zikomo, dona."

Amakhala kumphepete kwa bedi, msana uli chilili, mpaka nthawi itatha. Jovelyn amawabweretsera mango ouma, amawadula zikhadabo, amayesa kuwayankhula m'chinenero chakwathu chopotoka chija, koma amayi sasekanso. Amangoyankha kuti inde dona, ayi dona. Akafuna kupita kuchimbudzi amakweza dzanja pang'ono n'kupempha.

"Dona, ndingatuluke? Ndibweranso."

Nthawi yoyamba Jovelyn anathawira panja n'kukasanza m'maluwa. Tsopano amangoti, "Pitani, Mama," n'kuwatsegulira chitseko.

Sabata yatha ndinamuperekeza potuluka. Njira yake imadutsa pachipinda chochezera, chimene chili ndi galasi lalikulu kuyambira pansi mpaka kudenga. M'katimo munali okalamba athu atandanda pamipando yawo, mabulangeti pamiyendo, ndipo pakati pawo atsikana akwathu atatu a yunifolomu akuwadyetsa phala ndi supuni. Jovelyn anaima. Ndinayenda pang'ono n'kuzindikira kuti sakunditsatira.

Anali atapendeketsa mutu, diso limodzi atalitsinzina. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako kumbali, kufuna pamene kuwala kukugwa bwino. Dzanja lake linapita m'mbali, pamene pamakhala chikwama cha foni yake, n'kupeza palibe.

"Jovy."

Anadzidzimuka. "Ndimangoyang'ana, Manang."

"Ndakuona."

"Atsikanawa onse ndi akwathu?"

"Tiye, basi ikusiya."

Anatenga chikwama chake kwa a pakhomo n'kutsegula ambulera. Atafika pageti anatembenuka n'kuyang'ananso galasi lija nthawi yaitali, ambulera itapendekeka, mvula ikumugwera pamapewa. Ine ndinalowa m'chipinda chochezeramo n'kukoka makatani onse, ngakhale kunali kusanade. Agogo wina anadandaula kuti ndawatsekera kuwala. Ndinawayatsira getsi.